NDODO YA GOFU IKATHYOKA MPINI SATAYA: Luso la manja limene mnyamata angadyerepo ku Kitwe ndi ku Ndola

KITWE — Mlimi aliyense adziwa kuti khasu likathyoka mpini salitaya kudzala. Amagulula msuka, nasema mpini wina, naocha msukawo pamoto kufikira utafiira, naulowetsa mu mpini watsopano, ndipo m'mawa mwake ali m'munda monga kale. Nzeru yomweyi ili kugwira nchito m'matauni a ku Migodi, koma pa cipangizo cimene ambiri a ife kumudzi tingocimva ndi makutu, ndico ndodo yomenyera mpira wa gofu.

Wina angafunse kuti, nanga ife olima cimanga ndi nshawa, za gofu zitikhudza bwanji? Yankho lake ndi lakuti m'mabwalo a gofu a ku Kitwe, ku Ndola ndi kwina muli ana athu. Ena amanyamula matumba a osewera, ena amachecha kapinga, ndipo ena aphunzira kusewera iwo eni. Ndodo zimenezi zimacokera kunja kwa dziko ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndodo yaikulu imodzi yatsopano, ya makampani ochuka, kawirikawiri imapitirira madola 500 a ku America. Cinthu ca mtengo wotere cikaonongeka, mwini wake amafunafuna munthu wa manja abwino. Mnyamata wodziwa kukonza apezapo ya ufa ndi ndiwo. Koma wogwira mwacisawawa angathe kuononga pa mphindi imodzi cinthu cimene sangacilipire ndi malipiro a miyezi yambiri.

GOFU ANABWERA NDI MIGODI

Masewera a gofu anakhwimira ku Scotland, ndipo malamulo ake amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews pamodzi ndi bungwe la USGA la ku America. Kasewero kake ndi kakuti munthu amamenya kampira kolimba, kosafika magalamu 46, kucokera pamalo oyambira kufikira katalowa m'kadzenje. Maenje onse ndi 18, ndipo wopambana ndi uja wamenya kocepa kuposa anzake. Wosewera saloledwa kunyamula ndodo zopitirira 14.

Ku Migodi gofu anafika pamodzi ndi mkuwa. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndipo wa Nchanga mu 1939. Makampani a migodi anamangira anchito ao aciyera nyumba, zipatala ndi makalabu, nalambula chire kuti apange mabwalo a gofu. Cotero tauni iliyonse inakhala ndi bwalo lake: Nkana ku Kitwe, Nchanga ku Chingola, Konkola ku Chililabombwe, Chibuluma ku Kalulushi, Roan ku Luanshya, ndi lina ku Mufulira. Ndola, tauni ya njanji ndi malonda, nayo inali ndi lake. Ngakhale kwathu ku Chipata liliko bwalo lakale la m'masiku a Fort Jameson.

Dziko lisanalandire ufulu mu 1964, munthu wakuda ankalowa m'mabwalo amenewa ndi thumba la mwini wake pamsana kapena cikwakwa m'manja. Koma wonyamula thumba amaona zonse, ndipo anyamata ambiri anaphunzira kumenya mpira ndi mitengo yokhota ya m'chire. Ufulu utabwera makomo anatseguka. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr. Kenneth Kaunda, amene anatisiya mu 2021, ankakonda gofu kwambiri ndipo ankasewera pabwalo la ku State House.

Mpikisano waukulu wa Zambia Open unayamba mu 1972, ndipo unakopa akatswiri a ku Ulaya amene ankathawa cisanu ca kwao. Ian Woosnam wa ku Wales anapambana mpikisanowu mu 1985, ndipo patapita zaka 6, mu 1991, anatenga cikho ca Masters ku America. Bwalo la ku Ndola linkacititsa mpikisano wake wochedwa Cock o' the North m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo la Nkana linalandira Zambia Open kangapo kuyambira mu 2014. Mu 2006 mwana wa dziko lino, Madalitso Muthiya, anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mu mpikisano wa U.S. Open.

Kale migodi ndiyo inkasamala makalabu, makamaka m'masiku a ZCCM imene inakhazikitsidwa mu 1982. Kugulitsa migodi kutatha mu 2000, zinthu zinasintha, ndipo osewera a lero si akuluakulu a makampani okha ai. Muli aphunzitsi, amalonda, ana a sukulu ndi anyamata amene anayamba ndi kunyamula matumba. Otere sagula ndodo yatsopano yakale ikathyoka, amafuna woikonza.

NDODO YAIKULU NDI ZIWALO ZAKE

Mwa ndodo 14 zija, yaitali koposa ndi yofikitsa mpira patali imachedwa driver. Dzinali lisatisokoneze ndi woyendetsa galimoto. Ndi ndodo imene wosewera amayambira nayo pa maenje aatali. Ili ndi mutu, mpini, ndi cogwirira ca mphira kumapeto kwa mpini.

Makolo a ndodoyi anali a mtengo, mutu ndi mpini womwe. Mipini ya citsulo inaloledwa ndi R&A mu 1929. Kampani ya TaylorMade inatulutsa mutu wa citsulo mu 1979, ndipo Callaway inatulutsa mutu waukulu wochedwa Big Bertha mu 1991. Mutu wa lero ndi wa titaniyamu, wamphako m'kati ngati cikho, wolemera pafupifupi magalamu 200. Mpini wake si wa citsulo koma wa graphite, ndiwo ulusi wakuda wopyapyala kuposa tsitsi, wokulungidwa mipukutu-mipukutu ndi kumatidwa ndi guluu. M'kati mwake ndi mwamphako ngati bango, ndipo kulemera kwake nthawi zambiri ndi magalamu 50 kufikira 70. Mau amenewa muwasunge, pakuti nchito yonse igona pamenepa: mpini wa graphite ndi ulusi womatidwa ndi guluu, cotero moto umene usungunula guluu wina ungathe kusungunulanso mpini weniweniwo.

Kale mpini unkamatidwa m'khosi mwa mutu mwenimwenimo. Koma kuyambira pa 1 January 2008 malamulo analola ndodo zimene mwini wake angazisinthe kakhalidwe, ndipo mu 2009 TaylorMade inatulutsa ndodo yochedwa R9 yokhala ndi kacipangizo katsopano. Makampani ena monga Titleist, Callaway ndi Ping anatsatira. Kacipangizoko ndiko adaputa: kacitsulo ka aluminiyamu kocepa ngati cala, kamphako, kamene kamamatidwa kunsonga kwa mpini ndi guluu. Adaputayo ndiye amalowa m'khosi mwa mutu, ndipo kabauti kocokera pansi pa mutu kamamukoka ndi kumumanga. Tinganene kuti adaputa ndiye msuka wa ndodoyi.

Cinsinsi cake ndi cakuti ciboo ca m'kati mwa adaputa cinaboledwa copendekeka pang'ono. Mlimi adziwa kuti msuka ukalowa mopendekeka, khasu limaluma nthaka mosiyana. Momwemonso, mukatembenuza adaputa m'khosi mwa mutu, nkhope ya ndodo imayang'ana m'mwamba kapena pansi ndi digiri imodzi kapena ziwiri, ndipo mpira umauluka mokwera kapena motsika. Ndico cifukwa cake pa adaputa pali manambala ndi timizere.

CIFUKWA CAKE AMAMUCOTSA

Zifukwa zocotsera adaputa ndi zitatu. Coyamba, mpini wathyoka, kaya pomenya pafupi ndi mtengo, kaya popanikizidwa ndi katundu m'basi, koma adaputa ali bwino ndipo afunika kusamukira pa mpini wina. Caciwiri, munthu wapeza mpini wabwino umene uli ndi adaputa wa kampani ina. Adaputa wa Ping salowa m'mutu wa Titleist, ndipo wa Callaway salowa m'mutu wa TaylorMade. Kampani iliyonse ili ndi kapangidwe kake. Cacitatu, adaputa yemwe waonongeka, mazinga a bauti adyeka kapena guluu wamasuka.

Musanagwire cida ciliconse dzifunseni funso ili: kodi cofunika kupulumutsa ndi citi, mpini kapena adaputa, kapena zonse ziwiri? Adaputa ndi wochipa. Mtengo wake sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ndodo yatsopano. Mpini wabwino ndiwo wodula. Munthu wanzeru salola kuti mbuzi ife populumutsa cingwe.

ZIDA ZOFUNIKA

Nchitoyi sifuna fakitale. Pafunika tebulo lolimba lokhala ndi vaisi, cidutswa ca mphira wocindikala, monga wa paipi yothirira madzi kapena cubu ca njinga copindapinda, sipanala yake ya ndodo yomasulira kabauti, makina ouzira mphepo yotentha amene amisiri amawachula kuti heat gun, mpeni wakuthwa, sandipepa, tupa yozungulira kapena kaburashi ka waya, pulayala, sowo wodulira zitsulo wa mano aang'ono, tepi ya pepala, nsanza zoyera, ndi mankhwala otsukira a acetone kapena sipiriti.

Guluu wake ndi epoxy, uja wa machubu awiri osakaniza. Alipo wouma pa mphindi 5 ndi wina wouma pa maola 24. Wocedwa kuumayo ndiye wolimba, ndipo amapatsa mmisiri nthawi yoongola zinthu. Guluu wa m'kabotolo womatira nsapato ndi mbale, uja amauma nthawi yomweyo, asayandikire konse, cifukwa akauma amakhala ngati galasi ndipo amasweka ndodo ikagunda mpira.

Amisiri a m'masitolo a gofu ali ndi makina okokera mpini, amene amagwira mpini ndi mphira uku akukankha adaputa molunjika. Amene afuna kudyera nchitoyi acite khama kuwapeza, kapena apite kwa wooca zitsulo amupangire ofanana nao. Popanda makinawo, vaisi ndi citsulo cotekulira zingathe kugwira nchito, malinga munthu ali wodekha.

KUCOTSA ADAPUTA

Yambani ndi kumasula kabauti ka pansi pa mutu, ndipo mutu muuike kutali ndi moto. Lembani papepala nambala imene adaputa analozapo, ndiponso onani kuti dzina lolembedwa pa mpini linayang'ana kuti, cifukwa mwini ndodo adzafuna kuipeza monga anaizolowera. Adaputa wina amakhala ndi mphete zotembenuka kapena timphira. Zimenezi zivuleni ngati zivulika, ndipo muzisunge mu ndondomeko yake m'kambale. Pamwamba pa adaputa pamakhala kamphete ka pulasitiki kokometsera polumikiza. Katenthetseni pang'ono ndi kukasenga ndi mpeni, mpeniwo utagona, kuti usalume mpini.

Ngati mpini ndi wothyoka kale, nchito ndi yapafupi. Gwirani adaputa mu vaisi ndi mphira, osamanga kwambiri kuti angaphwanyike, mutenthetseni, ndipo kacitsa kotsalako kakokeni ndi pulayala. Apa kupotokola kulibe mlandu pakuti kacitsako ndi kotaya.

Ngati adaputa ndiye wotaya, ndipo cofunika ndi mpini wokha, moto ungathe kupewedwa. Dulani adaputa m'litali mwake ndi sowo, pang'onopang'ono, mbali ziwiri, ndipo mulekeze musanafike pa mpini. Kenaka lowetsani cisongole ca citsulo mumng'alumo ndi kumukanula monga mukusenda khungwa.

Covuta ndi pamene mufuna zonse ziwiri. Kulungani mpini ndi mphira ndi kuumanga mu vaisi, nsonga itatulukira pang'ono. Mangani mokwanira kuti usatelereke, koma kumbukirani kuti ndi bango. Mukaonjeza mudzamva kulira kwa ulusi ukusweka. Pakati pa vaisi ndi adaputa kulungani kansanza konyowa pa mpini kuti moto usayende. Kumbuyo kwa phewa la adaputa ikani sipanala yotsegula kukamwa kapena wasala wodulidwa mbali, ndipo pakati pa iyo ndi vaisi lowetsani citsulo cotekulira, kuti mphamvu ikankhe adaputa molunjika kunsonga.

Tsopano tenthetsani adaputa yekha, mukuzunguliza mphepo yotentha mbali zonse, kwa masekondi 20 kapena 30. Lekani, kankhani, muone ngati wasuntha. Akakana, tenthetsaninso pang'ono. Mphamvu yokankha ikhalepo nthawi yonse, kuti guluu akangofewa adaputa acoke nthawi yomweyo moto usanalowe mu mpini. Cizindikiro cakuti nthawi yakwana ndi kafungo ka guluu wopsa, kautsi pang'ono, kapena kaphokoso kakuti thu.

Lamulo lalikulu ndi ili: mpini wa graphite umakokedwa molunjika, supotokoledwa. Ukatentha, guluu womanga ulusi wake amafewa, ndipo mukaupotokola mipukutu ya ulusi imalekana m'kati. Kunja udzaoneka wabwino, koma ndi cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Udzathyoka tsiku limene mwini wake adzamenya mwamphamvu.

Za mbaula tinenepo mosabisa, pakuti m'makomboni mwathu ndiye moto wokhala pafupi, makamaka magetsi akazima. Msuka wa khasu umaikidwa m'makala, koma adaputa saikidwa m'makala. Moto wa makala ulibe muyeso, ndipo umapsereza nsonga ya mpini munthu asanaphethire. Magetsi akapita, dikirani abwere. Amene agwiritsa nchito kanyali ka gasi ka amisiri a mapaipi ayendetse lawi mofulumira, masekondi owerengeka okha, osaliimitsa pamalo amodzi. Nchito yotenthetsa icitikire pabwalo kapena pakhonde, cifukwa utsi wa guluu si wabwino m'cifuwa. Adaputa wocoka kumene amaocha ngati mbaula yomwe. Musamugwire ndi manja, ndipo ana akhale patali.

KUYESA NDI KUYERETSA

Zonse zikazizira, yang'anitsitsani nsonga ya mpini padzuwa. Iyenera kukhala yolimba, yozungulira bwino, yosanyeka. Ifinyeni ndi zala; ikafewa, kapena ulusi ukaoneka wonyenyeka ngati ngaiwa ya cimanga, mpiniwo wapsa. Musaumate mobisa. Muuzeni mwini wake zoona. Ena amadula pamene papsapo, koma dziwani kuti kudula kunsonga kumaumitsa mpini ndi kuufupikitsa, cotero mwini ndodo ayenera kuvomera.

Guluu wakale wa pa mpini mupaleni ndi msana wa mpeni ndi sandipepa. Ciboo ca kunsonga kwa mpini kawirikawiri cimatsekeka ndi guluu. Citseguleni ndi kamsomali kapena kaboolero kakang'ono, kuti mpweya upeze potulukira pomata. Mukapanda kutero, mpweya wotsekeredwa udzakankha adaputa kubwerera m'mbuyo guluu asanaume. M'kati mwa adaputa namo yeretsani ndi tupa kapena sandipepa wokulungidwa pa msomali kufikira citsulo cioneke, ndipo mutsirize ndi acetone. Mankhwalawa amayaka msanga ngati petulo. Asakhale pafupi ndi moto kapena fodya.

Mipini ya ndodo yaikulu ili ndi nsonga za mitundu iwiri: ya inci 0.335, ndiyo pafupifupi mamilimita 8.5, ndi ya inci 0.350, pafupifupi mamilimita 8.9. Kusiyana kwake diso silikuona, koma adaputa amakudziwa. Mpini woonda mu adaputa wotakata umafuna kacitsulo kodzazira mpata. Koma mpini wonenepa musaupale kuti ulowe mu adaputa wothina, cifukwa mukatero mwadya khoma la mpini pamalo pamene pamalandira mphamvu yonse. Onaninso ngati adaputa ndi wa munthu wamanja kapena wamanzere, pakuti manambala ake amawerengedwa mosiyana.

Ngati mpini ndi watsopano, ulowetseni mu adaputa popanda guluu, mulembe pamene walekezera, ndipo muzunguze tepi pamwamba pa cizindikiroco. Palani utoto wokha kucokera pa tepi kufikira kunsonga, mpaka pakhale pakuda mosawala. Guluu sagwira pa utoto wosalala. Koma mukaona ulusi uyamba kudzuka, mwapitirira.

KUMATA

Loŵetsani kamphete katsopano ka pulasitiki poyamba, pamodzi ndi mphete zonse zimene ziyenera kukhala kumtunda, cifukwa guluu akauma sizidzalowanso. Finyani epoxy wa m'machubu onse awiri pa kakatoni, monga mwa muyeso wolembedwa pa paketi, ndipo musakanize ndi kamtengo kwa mphindi yathunthu kufikira mtundu ukhale umodzi. Pakani pang'ono m'kati mwa adaputa ndi pang'ono kuzungulira nsonga ya mpini. Guluu wocuruka sathandiza. Amakwera m'mphako ya mpini, naumamo ngati mwala, ndipo pamenepo mpini umaleka kupindika bwino kapena mumayamba kulira ngati maseche. Cenjeraninso kuti asatsikire m'mazinga a bauti.

Lowetsani mpini pang'onopang'ono mukuutembenuza kuti guluu afike ponse. Apa kutembenuza n'kololedwa cifukwa mpini ndi wozizira. Gogodani nsonga ya adaputa pathabwa mofatsa kufikira mumve kuti mpini wafika pansi. Kenaka linganizani nambala ya pa adaputa ndi dzina la pa mpini, kapena ndi mzere wa pa cogwirira, monga munalembera papepala paja. Pukutani guluu wotuluka ndi nsanza yonyowetsedwa ndi sipiriti. Imikani mpini pangodya ya nyumba, adaputa ali pansi, pamene mwana kapena nkhuku singaugwetse.

Guluu wotsala pa kakatoni musamutaye. Ndiye mboni yanu. M'mawa mwake mukamuyesa ndi cikhadabo napezeka wolimba, ndiye kuti wa m'kati nayenso wauma. Akakhala wonanda, kasakanizidwe kanalakwika ndipo nchito iyenera kuyambanso. M'miyezi ya June ndi July, pamene ku Migodi kumazizira usiku, guluu amacedwa kuuma. Mpini ugone m'nyumba ndipo muonjezepo tsiku. Kuthamanga si kufika.

KUBWEZA MUTU NDI KUYESA

Patapita maola 24, lowetsani adaputa m'khosi mwa mutu pa nambala yake, ndipo kabauti kayambitseni mofatsa kuti kalowe m'mazinga ake. Sipanala ya ndodo inapangidwa kuti ikafika pa mphamvu yoyenera ilire kuti kha. Ikalira, lekani. Sipanala wamba ilibe muyeso wotere, ndipo ndiyo imadya mazinga a aluminiyamu.

Yesani utali wa ndodo yonse. Lamulo silola ndodo yopitirira mainci 48, ndiwo pafupifupi masentimita 122, ndipo kuyambira mu 2022 okonza mipikisano ya akatswiri angathe kuika malire pa mainci 46. Ngati mpini watalika, umadulidwa kumbuyo kogwirira, osati kunsonga. Zunguzani tepi podulapo kuti ulusi usanyenyeke, dulani ndi sowo wa mano aang'ono, ndipo mutseke pamphuno ndi nsalu cifukwa fumbi lake limayabwa.

Musanapereke ndodo kwa mwini wake, gwirani mutu ndi dzanja limodzi, mpini ndi linalo, muyese kupotokola pang'ono. Pasamveke kusuntha kapena kulira. Kenaka imenyeni mipira ingapo pamalo opanda anthu kutsogolo ndi m'mbali. Ici si camasewera. Mutu wa ndodo pofika pa mpira umathamanga makilomita 150 pa ola m'manja mwa wosewera wamba wamphamvu, ndipo kwa akatswiri umapitirira 180. Citsulo ca magalamu 200 cikaguluka pa liwiro lotere cingathe kuphwanya mutu wa munthu, ndipo woimirira pafupi kawirikawiri amakhala mnyamata wonyamula thumba.

Mwini ndodo akumbutsidwenso lamulo lakuti nambala ya adaputa imasinthidwa masewera asanayambe. Wosintha dala pakati pa masewera namenya nayo mpira amacotsedwa mu mpikisano. Cololedwa ndi kumanganso kabauti kamene kamasuka kokha, kubwezera pamene kanali.

MAU KWA MAKOLO NDI ANYAMATA

Inu makolo amene muli ndi mwana ku Chamboli, ku Wusakile, ku Chimwemwe, ku Chifubu kapena ku Masala, ndipo mumva kuti amapita kubwalo la gofu, musafulumire kunena kuti walowerera. Mukamulembera kapena kumuimbira foni, mufunseni cimene waphunzirako koposa kunyamula thumba. Msana umatopa ndi zaka, koma luso la manja limakalamba ndi mwini wake. Wodziwa kumata adaputa aphunziranso kusintha zogwirira za mphira, zimene zimatha msanga ndi thukuta ndi dzuwa, ndipo ndodo 14 za munthu mmodzi ndi zogwirira 14.

Kwa anyamata, malangizo ndi awa. Phunzirani pa mipini yothyoka imene ena ataya. Cotsani ndi kumata kambirimbiri kufikira manja adziwe kutentha koyenera, musanagwire ndodo ya munthu. Pitani kwa katswiri wa pakalabu kapena mmisiri wamkulu mukaone m'mene acitira, pakuti safunsa anadya phula. Polandira ndodo, iyang'aneni pamodzi ndi mwini wake, mumuonetse ming'alu imene ilipo kale, ndipo mumuuze poyera kuti kucotsa adaputa pa mpini wa graphite kuli ndi ngozi yake. Mugwirizane mtengo nchito isanayambe, ndipo mulembe m'kabuku dzina la ndodo, tsiku ndi cimene mwacita. Mpini ukakhala wa mtengo wapatali ndipo inu mulibe makina okokera, kukana nchitoyo si manyazi ai. Itumizeni kwa amene ali nao.

Osewera gofu ku Migodi ndi owerengeka ndipo amadziwana. Kucokera ku Kitwe kufika ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 60 okha, ndipo Loweruka lililonse anthu omwewo amakumana pa mabwalo osiyanasiyana. Mbiri ya ndodo yokonzedwa bwino imafika ku Chingola ndi ku Mufulira mmisiri asanakwere basi. Mbiri ya mutu woguluka nayo imayenda cimodzimodzi.